ZA M'NYUMBA MWATHU: Foni Isankhidwe Monga Tisankhira Mbeu



Mwezi uno nkhokwe zadzala kwa iwo amene mvula idawakomera mtima; mtedza wakumbidwa nuuma, soya wapunthidwa, ndipo olima fodya ayamba kulandira za ku okushoni. Ndiyo nyengo imene ndalama iyenda m'midzi mwathu, kuyambira kuno ku Chitedze ndi ku Mpingu kufikira ku Namitete, ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Nambuma. Ndiyonso nyengo imene amalonda ayala mafoni pa mabenchi ao tsiku la msika, ena akuda a mabatani, ena onyezimira ngati kalirole. Tsono m'nyumba zambiri mubuka nkhani madzulo: bambo afuna foni yaikulu yoyendetsa ndi chala, mai ati ya mabatani ikwanira, ndipo mwana wa ku sekondale adandaula kuti popanda WhatsApp anzache amseka. Pa tsamba lathu lino tizolowera kukambirana za munda, za ana ndi za pa moto. Lero tikambe za lamya ya m'manja, imene onse aitcha foni, pakuti idalowa kwathu ngati mlendo, koma tsopano idya nafe m'mbale imodzi.

Mau athu ndi amodzi okha, ndipo tiwanena poyamba kuti amene alibe nthawi yowerenga zonse awagwire. Yambani mwadziwa nchito imene mufuna kuti foni ikugwirireni. Pambuyo pache muwerenge chimene idzadya mwezi ndi mwezi. Mukatha ziwirizi, pamenepo mumasule mfundo ya ndalama.

Phunziro la pa mtondo

Ife a kuno tiri ndi mphunzitsi pafupi. Pa mseu wa ku Mchinji pali malo ofufuzira za ulimi a Chitedze, amene adatsegulidwa m'chaka cha 1948, ndipo mbeu zambiri zimene tibzala zidayamba zayesedwa m'minda ya pamenepo. Akulu akumbukira kuti chimanga cha haibulidi cha kale chidabereka koposa cha makolo, komabe amai ambiri adachikana pa chakudya cha pa nyumba. Kudali kuuma mutu kodi? Iai. Chimanga chija chidali chofewa: pochikonola mumtondo chidafumbutuka, ufa wambiri nupita ndi gaga, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe adachilowa msanga. Potero anthu adalima haibulidi kuti agulitse, nasunga cha makolo kuti adye. Akatswiri a pa Chitedze atamvetsa zimenezi, adakonza mitundu ina ya maso olimba, ndiyo MH17 ndi MH18, imene idatuluka m'chaka cha 1990. Ndipo popeza idakonoleka bwino ndi kusungika, amai adailandira.

Taonani nzeru ya mai wa pa mtondo. Iye sadasamale kuti mbeu yatsopano ndi iti, ngakhale kuti a m'tauni ayamikira iti. Adafunsa funso limodzi: kodi chimanga chimenechi chidzandipatsa ufa wokwanira ana anga kufikira masika ena? Funso lomwelo tipite nalo pa benchi ya mafoni. Wamalonda adzakuuzani za makamera atatu ndi za mitundu ya nyimbo; inu mumfunse za nchito yanu.

Chimene chidachitika ku Namitete

Chitsanzo china chiri pafupi ndithu, ndipo nchokhudza foni yeniyeni. Ku Namitete kuli chipatala cha St. Gabriel, chimene Asisteri a Chikarmeli ochokera ku Luxembourg adachiyamba m'chaka cha 1959. Chipatalachi chisamala anthu a midzi yambirimbiri, ina yakutali kwambiri, ndipo m'midzimo mudali anthu odzipereka oyendera odwala m'nyumba zao. Bvuto lidali mtunda. Wodzipereka akaona kuti wodwala wafooka, kapena kuti wina waleka kumwa mankhwala a chifuwa chachikulu, adayenera kuyenda pansi kapena kupalasa njinga maola ambiri kuti akanene ku chipatala. Ndipo wanchito wa ku chipatala adatentha mafuta a njinga yamoto pozungulira midzi, osadziwa kumene afunika koposa.

M'chaka cha 2008 adafika mnyamata wophunzira pa sukulu yaikulu ya Stanford ku America, dzina lache Josh Nesbit. Adabwera ndi mafoni 100 a mabatani, amene eni ache oyamba adaleka kuwagwiritsa nchito, ndi kompyuta imodzi yonyamula m'chikwama. M'kompyutamo mudali pulogalamu yaulere yotchedwa FrontlineSMS, imene Ken Banks adaikonza m'chaka cha 2005. Nchito yache ndiyo kulandira ndi kutumiza mauthenga olemba ambiri pamodzi, ndipo siifuna intaneti konse. Mafoni aja adagawidwa kwa odzipereka, kompyuta nikhala ku chipatala. Kuyambira pamenepo wodzipereka adalemba mau owerengeka ali pa khonde la wodwala, ndipo yankho lidabwera dzuwa lisanapendeke. Patapita miyezi isanu ndi umodzi adawerenga, napeza kuti maola oposa 2,000 a maulendo adapulumuka, ndi kuti odwala chifuwa chachikulu olandira chithandizo adachuluka kawiri. Nchitoyo idakula nikhala bungwe la Medic Mobile, limene lidafika m'maiko ena ambiri.

Tikumbukire bwino kuti mafoni amene adachita zazikuluzi adali akale, opanda intaneti, onga amene mwana wa masiku ano achita nao manyazi. Adapambana chifukwa anthu aja adayamba adziwa bvuto lao, nafuna chipangizo cholingana nalo.

Walira mvula walira matope

Tsopano tiwerenge chimene foni idya. Mtengo umene tilipira pa benchi uli ngati mtengo wa mwana wa nkhumba: tsiku logula ndilo tsiku loyamba kudyetsa. Agogo athu adaphunzira zimenezi kale ndi wailesi. M'chaka cha 1949 idatuluka wailesi yotsika mtengo yonga sefuliya, imene Azungu adaitcha Saucepan Special, ndipo anthu a ku Nyasaland adamvera nayo Chinyanja choulutsidwa kuchokera ku Lusaka. Mtengo wache udali mapaundi 5, koma batire lache lidagulidwa palokha pa mashilingi 25. Batire likatha, wailesi idakhala chete pa thebulo kufikira mwini apeze ena mashilingi. Foni ya lero ndi mdzukulu wa wailesi ija, ndipo mimba yache ndi yaikulu koposa.

Choyamba idya moto. Nyumba zambiri za kwathu kuno ziribe magetsi a ESCOM. Foni ya mabatani ikatchajidwa kamodzi ipirira masiku angapo. Yaikulu ija ifuna moto tsiku ndi tsiku, ndipo ngati pa nyumba palibe sola, mwana ayenda nayo kukatchajitsa ku sitolo, nalipira ulendo uli wonse.

Chachiwiri idya bandulo. Tiyerekeze kuti munthu agula bandulo ya K500 tsiku liri lonse. Ndalamayo ioneka yochepa potuluka m'thumba, koma pa mwezi ikwana K15,000, ndipo pa chaka K182,500. Inu nokha mudziwa mtengo wa thumba la feteleza pa depoti ya kwanu, ndi fizi ya mwana pa sekondale yoyendera. Ikani manambala awiriwo pamodzi, muone. Sitinena kuti ndalamayo itayika yonse, pakuti wogula mbeu amene amva mitengo ya ku Lilongwe asanasenze matumba aibweza kangapo. Tinena kuti iwerengedwe poyera, mwamuna ndi mkazi ali pamodzi, monga tiwerengera za mchere ndi sopo.

Chachitatu idya zokonzetsa. Galasi la foni yaikulu lisweka ikangogwa pa mwala wa pa chitsime, ndipo galasi latsopano lichokera kunja kwa dziko. M'mwezi wa November 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 pa 100 ali onse, ndipo zonse zochokera kunja zidakwera pamodzi. Nchifukwa chache pogula nkwabwino kufunsa wokonza mafoni wa pa msika wanu ngati mabatire ndi magalasi a mtunduwo apezeka. Mafoni a itel ndi Tecno, opangidwa ndi kampani imodzi ya ku China yotchedwa Transsion, awanda m'misika mwathu, ndipo kuwanda kumeneko kuchititsa kuti zipangizo zache zisasowe. Khasu la mpini wachilendo likathyoka, mlimi akhala pansi.

Chachinai nchobisika, ndipo ambiri sachidziwa. Foni yaikulu ikalamba m'kati ngakhale kunja ikali yosalala. M'kati mwache muli pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse, imene pa mafoni ambiri a kuno itchedwa Android, ndipo eni mapulogalamu ena aleka kuthandiza Android wakale zaka zikapita. M'chaka cha 2023 eni WhatsApp adachita chomwecho ndi mafoni akale kwambiri, kotero kuti foni yamoyo, yoyaka bwino, idakana kutsegula mauthenga. Amene agula foni yaikulu yogwirapo kale, makamaka yotsika mtengo modabwitsa, afunse za msinkhu wa Android wache, ndipo auone ndi maso ache foni iri m'manja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso mafoni ogula pa ngongole, olipira pang'ono pang'ono sabata ndi sabata. Njirayi yathandiza ena amene sakadatha kulipira pa kamodzi. Koma dziwani kuti mukalephera kulipira foni idzitseka yokha, ndi kuti zolipira zonse zikaphatikizidwa ziposa mtengo wa pa benchi. Lero ndalama iripo chifukwa takolola. Dzifunseni za mwezi wa January ndi February, pamene ufa uli pansi pa dengu ndipo feteleza wobereketsa afunika: kodi sabata zimenezo mudzalipira ndi chiani?

Chimene tasankha ife

Owerenga ena atifunsa kuti, nanga inu olemba tsambali muli ndi foni yotani? Tiyankha mosabisa. M'nyumba mwathu muli mafoni awiri, ndipo ili yonse iri ndi nchito yache.

Yoyamba ndi ya mabatani, ndipo ndiyo mwini mudzi. Sichoka pa nyumba usiku. Pa iyo tiimba ndi kulandira lamya. Pa iyo timvera wailesi tikamakonola mtedza. Tochi yache ndiyo itiunikira ku khola nkhuku zikalira pakati pa usiku. Pa iyonso pali ndalama ya banja. Airtel Money idayamba m'dziko muno m'chaka cha 2012, ndipo Mpamba wa TNM m'chaka cha 2013. Zonse ziwiri ziyenda pa foni ya mabatani popanda intaneti, pongoimba *211# pa Airtel kapena *444# pa TNM. Chomwechonso Chipatala cha pa Foni, chimene chidayambira ku Balaka m'chaka cha 2011, chidakonzedwa kuti mai woyembekezera afunse uphungu ndi foni wamba. Tasunga ndalama pa foni yaing'onoyi mwadala: ana saibwereka kukaonera mpira, mbala siikhumbira kwenikweni, ndipo moto wache sutha pa tsiku la tsoka.

Yachiwiri ndi yaikulu, imodzi ya banja lonse, yapakati pa mtengo. Tidaigula chifukwa cha nchito zitatu zimene yaing'ono singazithe. Nchito yoyamba ndiyo kulankhula ndi abale amene ali ku Johannesburg ndi ku Lusaka, pakuti pa WhatsApp mau afika kutali ndi ndalama yochepa. Tiyamikira makamaka uthenga wa mau ojambula: gogo wosadziwa kuwerenga alankhula yekha ndi mdzukulu wache m'Chichewa chache, popanda mwana wa eni kumwerengera zinsinsi za m'banja. Nchito yachiwiri ndiyo chithunzi. Masamba a chimanga akadyeka, kapena mtedza ukachita khate, tijambula ndi kutumiza kwa mlangizi, ndipo iye anena ngati ndi mbozi kapena ndi nthenda, tisanataye ndalama pa mankhwala osayenera. Nchito yachitatu ndiyo magulu: la mphakati, la banki ya m'mudzi, ndi la makolo a pa sukulu, m'mene zidziwitso za maliro ndi za misonkhano zifika msanga.

M'foni yaikuluyi mapulogalamu ndi owerengeka, ndipo tawasankha monga mai asankha ziwiya za pa moto: chimene sichiphika chisatenge malo. WhatsApp tamuuza kuti asatsitse yekha zithunzi ndi makanema; titsitsa chokhacho chimene tifuna, ndipo bandulo ya sabata ifikadi sabata. Amene afuna Facebook aike uja wopepuka wotchedwa Facebook Lite, amene adakonzedwera mafoni ochepa mphamvu ndi malo a netiweki yofooka. Intaneti tiizimitsa tikatha nchito, monga tizimitsa nyali, pakuti mapulogalamu ena adya bandulo mwakachetechete foni iri m'thumba. Magulu amene atumiza makanema oseketsa usana ndi usiku tatulukamo mwaulemu, ndipo ubale sudathe chifukwa cha ichi.

Pali mitundu itatu ya mapulogalamu imene sitiilola. Woyamba ndi wa juga, makamaka kandege kaja kamene anyamata akakonda: kauluka pa galasi, ndalama ioneka ngati ichuluka pamene kakwera, ndipo kakathawa munthu asanatape, zonse zapita. Juga yakale idafuna kuti munthu apite pa bwalo pamene anzache amuona. Iyi ilowa naye m'chipinda, ndipo ndalama ya soya itha mkazi ali m'tulo. Wachiwiri ndi wa ngongole zofulumira zimene zipempha kuona maina onse a m'foni mwanu. Dzifunseni chimene wobwereketsa afuna ndi nambala ya apongozi anu. Wachitatu ndi uja ulonjeza kutsuka foni kapena kuonjeza moto wa batire, koma nchito yache yeniyeni ndiyo kukuonetsani malonda. Dzina la malo athu ano litichenjeze: chitedze chiri ndi ubweya wosalala pa maso, koma wochigwira akanda thupi usiku wonse.

Sitinena kuti banja liri lonse lichite monga ife. Mphunzitsi, wogula mbeu, mlembi wa kalabu ya alimi ndi mnyamata wa kabaza afuna foni yaikulu pa nchito yao, ndipo kwa iwo ndi khasu. Banja limene abale ache onse ali m'midzi yoyandikana, ndipo pa nyumba palibe sola, lidzapeza mtendere wochuluka ndi ya mabatani, ndalama yotsalayo nigula mbuzi.

Makiyi a nkhokwe

Foni ikasunga ndalama yasanduka nkhokwe, ndipo nkhokwe iri ndi makiyi. Pa nkhani imeneyi tipempha atate ndi amai atchere khutu.

Kiyi woyamba ndi simu kadi. Kuyambira chaka cha 2018 bungwe la MACRA lidalamula kuti nambala iri yonse ilembetsedwe ndi chitupa cha mwini wache. Onetsetsani kuti nambala imene muli ndalama yanu idalembedwa m'dzina lanu. Ikakhala m'dzina la mphwanu kapena la mnyamata wogulitsa mayunitsi, tsiku limene foni itayika mudzabvutika kuibweza, pakuti a kampani adzafuna mwini chitupa.

Kiyi wachiwiri ndi nambala yachinsinsi. Isakhale chaka chobadwa, isalembedwe kumbuyo kwa foni, ndipo isanenedwe mokweza pa kauntala ya ejenti. Amene maso afooka apite ndi mwana wao wokhulupirika mmodzi yemweyo nthawi zonse, ndipo asachoke pa kauntala uthenga wotsimikiza usanafike. Wina akaimba nanena kuti ndi wa ku kampani, kapena kuti mwapambana mphoto, kapena kuti watumiza ndalama kwa inu molakwitsa ndipo muibweze msanga, musafulumire. Tsekani lamya, muone nokha ndalama imene iri m'foni mwanu, ndipo mufunse kwa ejenti amene mumdziwa nkhope. Wa kampani weniweni safunsa nambala yachinsinsi. Akuba a pa foni adalira zinthu ziwiri, liwiro ndi manyazi athu. Tsono musachite manyazi kufunsa, pakuti safunsa adadya phula.

Koma pakati pa mwamuna ndi mkazi wache, pa ndalama ya banja, chinsinsi chimenechi chisakhale linga. Taona m'midzi mwathu bambo atadwala mwadzidzidzi, ndalama ya mtedza iri m'foni, mai ali nayo m'manja, koma osatha kutapa ngakhale ya galimoto yopita ku chipatala. Taonanso amasiye akuyenda ndi makalata maulendo ambiri kuti alandire ndalama imene idali yao kale. Amene alima munda umodzi adziwe onse pamene pali kiyi wa nkhokwe.

Kiyi wachitatu ndi wa foni yaikulu yokha. Poiyamba ifuna adiresi ya Gmail ndi mau achinsinsi, ndipo kawirikawiri mnyamata wa pa msika ndiye atikonzera, ife tiri chiimire. Musachoke pamenepo asanakulembereni zonse ziwiri pa pepala, ndipo pofika kunyumba mwana wanu akuthandizeni kusintha mau achinsinsiwo. M'menemo ndimo musungika maina a abale anu. Foni ikafa, mudzawapeza pa foni ina ndi kiyi yemweyo. Ndiponso tilangiza nyumba iri yonse isunge kope laling'ono, lolembamo ndi cholembera manambala khumi ofunika koposa: a ana, a malume, a mfumu, a mlangizi, a wa galimoto kapena wa kabaza wodalirika. Kope silifuna kutchaja.

Ana ndi mphasa ya madzulo

Sitingatseke nkhaniyi osanena za ana. Mwana akapempha foni anena za sukulu, ndipo nthawi zina anena zoona, pakuti aphunzitsi atumiza mafunso ndi zidziwitso pa magulu. Koma foni ya banja ikwanira nchito imeneyo, akaigwiritsa pa khonde, pa nthawi yodziwika, makolo ali pafupi. Mwana amene agona ndi foni yache yache adzuka ndi maso ofiira, ndipo anthu amene alankhula naye usiku inu simuwadziwa, chinkana simungalole mlendo wotere kulowa pa mpanda. Mpeni ndi wabwino, koma tiyamba taphunzitsa mwana kagwiridwe kache.

Ndipo ife akulu tiyambe. Kwathu tapangana kuti nsima ikafika pa mphasa, mafoni onse awiri akhala pa zenera. Nthawi ya chakudya ndiyo imene mwana anena zimene zamuwawa ku sukulu, ndipo gogo akumbuka nthano. Bambo akaweramira pa galasi, mauwo abwerera m'mimba, ndipo mwina sadzatulukanso. Chomwechonso pa maliro, pa bwalo la mfumu ndi m'tchalitchi, foni ikhale chete. Ndiponso uthenga woopsa ukafika pa gulu, wonena za mankhwala achilendo kapena woneneza munthu wa m'mudzi, usapitirire pa dzanja lanu musanadziwe kumene wachokera. Bodza limene kale lidayenda ndi miyendo lero lifika ku Nsaru ndi ku Kabudula nthawi imodzi, ndipo wolitumiza ali ndi gawo pa zimene lidzaononga.

Musanapite ku msika

Tsono amene mwatsimikiza kugula mwezi uno, khalani pansi madzulo, mwamuna ndi mkazi, muyankhe mafunso awa.

1. Nchito zitatu zimene tifuna kuti foniyi itigwirire ndi ziti? Ngati zonse zitatu ndi kuimba, kulandira ndalama ndi kumvera wailesi, ya mabatani yakwana.

2. Tidzaitchaja kuti, ndipo pa mtengo wanji? Mwina nkwanzeru kuyamba mwagula sola yaing'ono, imene idzaunikiranso ana powerenga.

3. Pa mwezi tidzaipatsa ndalama zingati, ndipo ndalamazo zidzachoka pa chiani?

4. Ikasweka, adzaikonza ndani pafupi pano, ndipo zipangizo zache zipezeka kodi?

5. Ndalama ya mbeu, ya feteleza ndi ya fizi taipatula kale kodi? Foni igulidwe ndi zotsala.

Pa benchi pomwepo, yatsani foni wamalonda ali pompo. Imbani *#06#, padzatuluka nambala yaitali, imene iyenera kufanana ndi yolembedwa pa bokosi. Lowetsani simu kadi yanu, muimbire wina, mumve ngati mau amveka. Funsani lisiti lolembedwa dzina la sitolo ndi tsiku, ndipo mulisunge m'kope lija. Foni yopanda bokosi ndi lisiti, yoperekedwa mobisa kuseri kwa msika, isiyeni, ngakhale mtengo ukome chotani. Ingakhale ya mnzanu amene alira ku mudzi wina, ndipo apolisi akailondola adzaipeza m'thumba mwanu.

Abale, pamene TNM idayamba m'chaka cha 1995, ndi Celtel, imene lero ndi Airtel, m'chaka cha 1999, foni idali ya mabwana a m'tauni. Lero mai wa ku Nambuma alandira ndalama ya mwana wache ali pa mtondo, ndipo uthenga wa matenda umene kale udayenda masiku awiri ufika madzi asanawire. Ichi nchabwino, ndipo tichilandire ndi manja awiri. Chotsalira nchakuti m'nyumba iri yonse adziwike mwini ndani ndi wanchito ndani. Mwezi wa mawa, Mulungu akalola, tidzakamba za kasungidwe ka chimanga m'matumba ndi m'nkhokwe, kuti chimene takolola chifike masika ena. Amene muli ndi mafunso pa za lero, perekani kalata kwa wogawa tsambali pa mphakati wanu, ndipo tidzayankha. Tsalani ndi mtendere, inu ndi ana anu.